Botolo la Winnet

Unit L, Seke
Chitungwiza
14 Okutobala 1986

Alamu anga a Muriel,

Ndikhulupirira munafika bwino ku Dedza ndipo ana munawapeza ali bwino. Kuno tilipo, kungoti kukhalapo. Winnet tinamuika m'manda Lachiwiri lapitali, ndipo achimwene anu a Cephas, bambo ake a mwanayo, akuti ndinamuphetsa ndine. Akufuna ndilongedze katundu mwezi uno usanathe.

Mukukumbuka mwanayu atayamba kutsegula m'mimba, kukiliniki anatipatsa botolo loikamo chimbudzi chake. Inu munakana, munati chimbudzi cha mwana sapatsa anthu achilendo, afiti amalowera pomwepo. Kenako munati mukapereka nokha, ine nditsale ndi wodwala. Ndinakuthokozani, chitsiru ine.

Zotsatira zinati makapisozi wamba akwanira. Mwana anamwa, koma ankangofookerafookera. Titamugoneka m'chipatala, anamwino anatenga okha chimbudzi china.

Bambo woyeza matenda kulabu ya chipatalacho ndi wakwathu, makolo ake ndi a ku Ntcheu. Anandionetsa timbale tiwiri tagalasi. Anati amabzala tizilombo ta m'mimba m'kambale, n'kuikapo timapepala tamankhwala. Mankhwala akamagwira, mozungulira kapepala mumayera. M'kambale ka botolo lanu lija munayera bwinobwino. M'kachiwiri, ka chimbudzi chimene anatenga anamwino, tizilombo tinamera mpaka kukhudza kapepala, poti timatulutsa timadzi tina todula mankhwalawo asanagwire ntchito. Anadonthezapo madzi achikasu oyezera ngati timadzito tilipodi, anafiira ine ndikuona. Anandiuza kuti mabotolo awiriwo sangachokere m'mimba imodzi.

Jakisoni woyenera anabwera mwana atasiya kale kumeza.

Alamu, munaikamo cha ndani m'botolo muja? Cha ana anu ayi, zimenezo ndikudziwa, simukanayerekeza. Mwina munatola kuseri kwa aneba. Munamutchinjiriza kwa afiti, inde, n'kumusiya ndi makapisozi a mwana wa eni. Ndikamaganiza zimenezi ndimalephera ngakhale kupemphera.

Achimwene anu agwira zoti ine ndinalola anamwino kutenga chimbudzi, ndiye mwana analodzedwa. Za timbale safuna kumva, akuti mlongo wawo sangachite zotero. Mawu amene angawamve ndi anu okha. Alembereni, muwauze zimene munachita panjira ya kukiliniki. Kupepesa musavutike nako, ndilibe pokuika. Ndikungofuna ndisachotsedwe m'mudzi umene muli manda a mwana wanga.

Mundiperekere moni kwa amayi ndi kwa amalume a Andreya. Mulungu akusungireni ana anu onse, poti inu mukadali nawo.

Ine mlamu wanu,
Florida, amene aneba akumuitanabe kuti Mai Winnet