Nyimbo ya Osiyidwa pa Ukwati wa Agnesi

Lachinayi, ku Liwonde. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Mng'ono wanga Agnesi waumirira kuti pa ukwati wake adzavina nyimbo zakunja zotchedwa bachata. Mphunzitsi wake wa kavinidwe, bambo wochokera ku Balaka, akuti nyimbozi zinayambira ku Dominican Republic, m'malo omwera mowa a amphawi, momwe amuna othawidwa ndi akazi ankalira ndi gitala. Olemera ankanyansidwa nazo, koma lero dziko lonse likuvina.

Ndinati, "Iyayi, Agnesi, nyimbo ya osiyidwa pa ukwati? Ukudziitanira tsoka."

Anangoseka, n'kubwerera m'manja mwa mphunzitsiyo, chifuwa pa chifuwa. Alamu, omwe akukwatira Agnesiyo, anakhala pakhonde akusenda mzimbe osadya, maso ali pa awiriwo. Pochoka sanatsanzike.

Mpeni umene alamu amasendera mzimbe uja ndaufunafuna paliponse, koma...