Mapiritsi Opanda Dzina M'kachitini ka Bambo

Achimwene Irshad,

Landirani moni wochokera kuno ku Lahore. Muli bwanji inu ndi alamu? Chifuwa chija chinakusiyani? Ife tili bwino, kungoti Bambo andiwawitsa mutu. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni amamva zonse. Maso ndiwo anafooka, makutu ayi.

Lachinayi sabata yamawa tikaonana ndi dokotala kuti aike tsiku lochotsa ng'ala m'maso mwa Bambo. Namwino anatiuza kuti tikapite ndi mankhwala onse amene Bambo amamwa. Anatsindika za mankhwala a vuto la mkodzo, kuti dokotala akapanda kuwadziwa, opaleshoni ikhoza kuwononga diso.

Bambo atamva zimenezo anayamba kutsokomola. Pobwerera kuchokera kuchipatala anati ng'ala yawo sinakhwime, tidikire nyengo yozizira. Chaka chatha paja ankati tidikire akolole tirigu.

Mankhwala a shuga anandipatsa bwinobwino. Koma pochapa ndinapeza kachitini m'thumba la malaya awo, muli timapiritsi topanda pepala kapena dzina. Nditafunsa anandilanda, n'kunena kuti mwana wamkazi safunsa zimenezo. Ine ndemwe ndimawatsogolera kuchimbudzi nditawagwira dzanja! Ndinatuma amuna anga a Tanvir kuti akacheze nawo ngati amuna okhaokha. Anamwa tiyi makapu atatu, n'kubwerako ndi mtengo wa feteleza. Ndatopa, achimwene, ndipo ndakwiya. Manyazi anapha lambe.

Pempho langa ndi limodzi. Tsegulani bokosi lawo lachitsulo lija limene analisiya kwathu ku Layyah, muyang'ane pansi pa mkeka wopempherera, pamene amabisa zinthu. Mukapeza kakatoni ka mapiritsiwa, mutumize dzina lake pafoni ya a Tanvir. Kakasowa, mukafunse wogulitsa mankhwala wa pafupi ndi mzikiti ku Layyah. Musayambe n'kupempha chilolezo kwa Bambo monga mumachitira, chifukwa akana ndipo inu mumvera.

Dzulo Bambo ananyamula mwana wanga Mehwish, amene tsopano wakwanitsa miyezi inayi, n'kundifunsa kuti wafanana ndi ndani. Ndinati ndi malemu Mayi. Anamusisita nkhope ndi zala kwa nthawi yaitali, kenaka anati iwo angokhulupirira mawu anga. Sindikufuna kuti azikhulupirira. Ndikufuna amuone.

Mundiperekere moni kwa alamu, azakhali ndi ana onse. Bokosilo mulitsegule lero lomwe.

Ndine mlongo wanu,
Shabnam