Mwambo Sunanene za Zala

Lolemba, 12 Ogasiti 2024

Mphepo. Fumbi pa kiyibodi iliyonse. Malaiti anapita m'mawa, jenereta ikutsokomola ngati nayo ikufuna tchuthi.

Tsiku loyamba la maphunziro a kompyuta pa nthambi yathu ya yunivesite kuno ku Katete. M'mawa aphunzitsi, masana ophunzira. Wophunzitsa: ine, Shadreck Sakala, munthu wosalakwira aliyense. Lamulo lochokera kulikulu: kuyambira temu ikubwerayi, makalasi a ophunzira akutali onse ndi pa intaneti. Mphunzitsi wolephera mayeso a Lachisanu la sabata yamawa amulanda makalasiwo.

Ndikulemba dzina langa pa bolodi, chitseko kwee. Apongozi anga. Mayi Theresa Mbewe, amake a Rhoda wanga, mphunzitsi wa za kaphunzitsidwe. Ndinkadziwa kuti abwera, inde, koma ndinkati apita ku gulu la a Brian, mnzanga wophunzitsa naye. A Brian awaitana ku Lusaka. Gulu latsala limodzi. Langa.

Chikwatirireni mwana wawo sitinayankhulanepo maso ndi maso. Tikakumana m'njira, ine ndimapatukira m'maluwa, iwo amapeza mtengo wouyang'ana. Moni amadzera kwa Rhoda. Iwo madigiri awiri, ine imodzi, koma mwambo sufunsa satifiketi.

Akhala mpando wakumbuyo kwenikweni, chammbali, nkhope kukhoma.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Sikirini yawo sindingaione. Kuti ndiione ndiyenera kuima kumbuyo kwawo ndi kuweramira pa phewa. Mkamwini pa phewa la apongozi! Kwawo ku Mkaika angaitanitse msonkhano.

Ndiye tapeza mkhalapakati: Mayi Edina, mnzawo wakalekale, mphunzitsi wa Chingerezi, amene kompyuta amaidziwa mmene ine ndimadziwira kuyendetsa ndege.

Apongozi kunong'ona. Mayi Edina kukweza mawu: "Akuti kanthu kaja kathawa." Kanthu kati? "Akuti kaja." Pamapeto ndazindikira kuti ndi kamuvi ka pa sikirini. Ndati agwedeze mausi. Uthenga pofika kumbuyo unali utataya liwu limodzi panjira. Agwedeza laputopu yonse.

A Amos a masamu aseka mpaka misozi. A Amos amene amadina kiyibodi ndi chala chimodzi ngati akuyesa ngati mbatata yapsa.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Masana ophunzira a ku Sinda. Chinsenga ndi Chichewa pakamwa pamodzi, zala zaliwiro pa foni. Kuwauza kuti sungani fayilo poti mukaipezenso mawa: zii. Mmodzi ntchito yake waitcha "iyi". Yachiwiri, "iyi yeniyeni".

Ndapita kwa a Solomoni Daka, mkulu wa nthambi. Ndapempha modzichepetsa kuti apongozi awapezere mphunzitsi wina, kapena mayeso awakhululukire. Yankho lawo: "A Sakala, kulikulu sadziwa zoti mpongozi. Pa kompyuta palibe batani lake."

Kenako anditsitsira mawu. Mayiwo anapuma kale ntchito, pano ali pa kontrakiti, ndipo makalasi a akutali ndiwo ntchito yawo yonse. Akalephera, kunyumba.

Wosayina zotsatira ndani? Ine. Mkamwini amene anachotsa apongozi ake ntchito ndi siginecha. Dzina limeneli silingachoke ngakhale ndi sopo.

Loweruka, 17 Ogasiti

Nzeru: Rhoda awaphunzitse kunyumba kwawo. Ndamulongosolera zonse, ndamupatsa laputopu yanga, ndakhala m'galimoto panja ngati dalaivala wa takisi.

Watuluka msanga, nkhope yotentha. Ati anangoti, "Amama, si apo," amama nkuyankha kuti, "Ndinakuphunzitsa kugwira supuni, lero ukundikalipira?" Phunziro linathera pomwepo.

Pobwerera Rhoda: "Akalephera, ukafotokoza wekha ku Mkaika." Kumapeto kwa mwezi kuli mwambo wa Kulamba ku Mkaika komweko, abale onse adzakhala kumudzi. Amalume ake a Rhoda, aja ofunsa funso limodzi m'njira zosiyanasiyana mpaka uvomere.

Ndati kodi ine ndinalakwa chiyani? Ati unakwatira.

Petulo watha theka chifukwa cha phunziro losachitika.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Mayi Edina apita kumaliro ku Sinda. Mkhalapakati palibe. Lero lomwe, mayeso oyeserera.

Onse akugogoda. Kumbuyo bata. Ndaba kuyang'ana kudzera m'galasi la zenera, monga wakuba weniweni. Pa sikirini ya apongozi kabokosi kakufunsa ngati akufuna kutseka osasunga. Iwo manja pamiyendo. Dzanja sakweza, poti angakwezere ndani.

Ndatembenukira kukhoma. Ndalankhula ndi khoma, ine, munthu wa digiri: "Ngati m'chipinda muno muli munthu amene kompyuta yake ikumufunsa funso, munthu ameneyo adine batani lakumanzere."

Anthu ena adina. Iwo ayi. A Amos, amene funso lawo linali lina, ntchito yawo yonse yafufutika, akuti andisumira.

Potuluka ndaona apongozi akulowetsa laputopu m'chikwama. Zipi inawakana. Mayi amene anaphunzitsa theka la aphunzitsi a m'boma lino kuima patsogolo pa kalasi. Sindinaseke. Sindinathenso kudya.

Rhoda akuti amama ake sakudandaula za malipiro. Akudandaula za ophunzira awo a ku Vubwi, aphunzitsi a pulayimale amene akukwezera maphunziro, ena amakwera phiri kusaka netiweki, nkupeza ya ku Malawi kapena ya ku Mozambique. Akuti, "Ndinayamba nawo, ndiwasiye chaka chomaliza?"

Lachitatu, 21 Ogasiti

Phunziro la lero: kalembedwe ka mauthenga pa tsamba la yunivesite. Ndaonetsa pa bolodi kabokosi kolembamo, ndi posankha dzina la munthu womulembera. Ndati aliyense alembere mnzake.

Laputopu yanga: ting'.

"MULI BWANJI A SAKALA. KAMUVI KATHAWANSO."

Zilembo zazikulu zokhazokha. Dzina pamwamba: Theresa Mbewe. Ndadzutsa mutu. Iwo nkhope kukhoma monga mwa masiku onse, ngati palibe chachitika.

Ndayankha: ndili bwino, kaya inu, yendetsani chala pa kabwalo kali pansi pa kiyibodi. Ting'. "KABWERA."

Madzulo Rhoda wawafunsa amake pa foni za uthengawo. Akuti, "Mwambo unanena za maso ndi pakamwa. Za zala sunanenepo." Zaka zonsezi ndikupondaponda maluwa a yunivesite, kodi yankho linali m'kabokosi.

Phunziro la m'mawa litatha ndasamukira m'chipinda choyandikana, ndalumikiza sikirini yawo ku yanga. Ndikuona zonse, palibe phewa la munthu. Ndipo amataipa! Anaphunzira pa taipilaita ya kumishoni, kiyibodi amaimenya ngati ili ndi mlandu. Lero lokha atsegula kalasi, aika phunziro, alowetsa malikisi.

Lachinayi, 22 Ogasiti

Ndinasangalala msanga.

Pakamwa pamene panatsekedwa chikwatirireni changa patsegukira m'zala. Mafunso a kompyuta akubwera, inde, koma lililonse lili ndi katundu kumbuyo.

"FAYILO YALOWA. MUMAYANKHULA MOFULUMIRA KWAMBIRI."

"NDAPEZA POSUNGIRA. PHUNZIRO LANU LA LOLEMBA LINALIBE CHOLINGA. MPHUNZITSI AMAYAMBA NDI ZIMENE WOPHUNZIRA AKUDZIWA KALE."

"KU TCHALITCHI SITIKUKUONANI."

"MPANDA WA KWANU WAGWA MBALI YA KUMSEWU."

Ine ndikuyankha: zoona, ndamva, ndikonza. Mkamwini angalembe chiyani china? Ndayesa kuwasonyeza batani lozimitsira zilembo zazikulu. Ati azisiye, zimaoneka bwino popanda magalasi.

Chopweteka nchakuti za cholinga zija akunena zoona. Masana ndayesa kwa ana a ku Sinda, ndayamba ndi mmene amasungira nyimbo m'foni. Amva onse. Ndakwiya kwambiri.

Mawa mayeso.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Woyang'anira mayeso ndi a Solomoni, kabokosi ka mauthenga kotseka. Ine panja pakhonde, kuyendayenda ngati bambo wa ku chipinda cha amayi oyembekezera.

Malaiti anathima pakati. Jenereta inaganiza kaye za moyo wake, kenako inavomera.

Zotsatira ndachonga a Solomoni ali pambali, kuti pasadzakhale wonena za chibale. Theresa Mbewe: wakhoza. Osati mongopulumuka ayi, pamwamba ndithu. Mayi Edina apulumukira pakhomo penipeni. A Amos abwereza sabata yamawa, ndipo ndikuvomera kuti posayina pamenepo dzanja langa silinalemere.

Ndakumana ndi apongozi pakhonde potuluka. Ine m'maluwa. Iwo mtengo. Koma anaima pang'ono kuposa masiku onse asanapitirire.

Vubwi ikhala ndi mphunzitsi wake. Ku Mkaika ndipita mutu uli m'mwamba.

Lolemba, 26 Ogasiti

Mutu uli m'mwamba, ati.

Pali phunziro limodzi limene sindinafikepo: kusiyana kwa kulembera munthu mmodzi ndi kuyankha chilengezo cha nthambi yonse. A Solomoni m'mawa atumiza chilengezo choyamikira okhoza. Apongozi ayankha pomwepo, poganiza kuti akulembera ine. Yankho lapita kwa aphunzitsi onse, ophunzira onse, Katete, Sinda, mpaka aja a paphiri ku Vubwi.

"MWANA WANGA SHADRECK. NDAKHOZA CHIFUKWA CHA INU. MUNALEZA MTIMA. LOWERUKA KU MKAIKA MUSAVALE THALAUZA LABULAWUNI LIJA. LASOSOKA KUMBUYO. NDINALIONA MUKULEMBA PA BOLODI."

Nkhope kukhoma sabata ziwiri, kodi thalauza analiona ndi chiyani?

A Amos ayankha kale, kwa onse: "Ifenso tinaliona." Wophunzira wina wa ku Vubwi wafunsa ngati uwu ndi mbali ya phunziro. A Solomoni andiimbira, sanathe kuyankhula chifukwa cha kuseka, ndangomva kupuma.

Ndiyenera kukwiya. Ndakhala pansi kuti ndikwiye bwinobwino. Koma maso akungobwerera pa mzere woyamba. Dzina langa loyamba sanalitchulepo chikwatirireni. Ndinali "bambo a kwa Rhoda", kapena "awo".

Ndiwalembere, ndiwasonyeze batani loyenera, mwaulemu, kwa iwo okha. Ndalemba "Mayi Mbewe", ndafufuta. Ndalemba "Amama", ndipo chala chili m'mwamba, sindikudziwa chotsatira.

Ting'. Uthenga wina wa apongozi wabwera. Kwa onse.