Mphaka Wadothi Panyumba Yokonza Maliro

Lolemba, 4 Novembala

Phukusi lochokera kwa Amayi. Mphaka wadothi, woyera, kabelu pakhosi, dzanja lamanzere lili m'mwamba. Lamanzere! Limene amati limaitana makasitomala. Kulesitilanti ya Amayi ndi mwayi, inde. Koma kuno kumene ndinakwatiwa ntchito yathu ndi yokonza maliro. Makasitomala athu amalowa atagona chagada.

Apongozi angomuyang'ana n'kuti, "Mayi anu akufuna tauni yonse ithe?" Mwamuna wanga Shigeru waseka mpaka kutsamwa ndi tiyi, kenako wamuika pawindo la ofesi. Ati nthabwala. Ine manyazi okhaokha.

Lachinayi, 7 Novembala

A Kuwabara okonza njinga aja amwalira m'mawa. Ukalamba, mtima, aliyense ankadziwa. Komabe akazi awo pobwera kudzasankha bokosi anaima pawindo, maso pa mphakayo, nthawi yaitali. Bola akanatitukwana.

Mphakayo ndamukulunga m'thawulo. Ali m'kabati ya zofunda.

Lamulungu, 10 Novembala

Tomoe, mnzanga wa kusukulu, walepheranso kubwera. Ati chimfine. Ulendo watha uja atachoka kuno anakadziwaza mchere pakhomo pake ngati wachokera kumaliro. Anandiuza yekha, akuseka. Nanenso ndinaseka, nanga n'kutani?

Tsiku lonse kutsegula mawindo, kutseka, kutsegulanso. Lubani mpaka m'tsitsi. Ndasowa wocheza naye, ndipo zikundiwawa.

Lachitatu, 13 Novembala

Amayi aimba foni. Abwera Loweruka pa sitima yam'mawa, akufuna aone pamene ndaika mphaka uja. Apongozi anali pambali, makutu tcheru. "Chidolecho chisaonekenso m'nyumba muno, mwamva?"

Ndikamutulutsa ndalakwira apongozi. Ndikamubisa ndanyoza mayi wondibereka. Shigeru ati za azimayi salowerera. Wamantha ameneyu.

Ndinena kuti anasweka. Ndayeserera pagalasi, nkhope ikukana.

Loweruka, 16 Novembala

Bodza silinatuluke n'komwe. Amayi atangoona windo lopanda kanthu anati, "Wamubisa kuti?" Ndinawatengera kuchipinda cham'mwamba, n'kufunyulula thawulo. Ndinayamba kuwafotokozera za dzanja, pang'onopang'ono ngati ndikuuza mwana.

Anandidula. "Iwe, ndakalambira pansi pa amphaka amenewa, undiphunzitse ine dzanja? Ndikudziwa zimene mumagulitsa muno. Sindinatumizire ofesi, ndinatumizira iwe. Chikwatiwireni ndani waponda pakhomo pano kudzangokuona?"

Kupatula Tomoe wamchere uja, anthu oti ndiwatchule panalibe.

Mphakayo Amayi amuika okha pawindo la chipinda changa, kuyang'ana njira yochokera kusiteshoni, kuti aziitana odzandiona. Abwerera madzulo ano, lesitilanti siidikira.

Apongozi amuona poyanika zovala. Anakwera masitepe. Anaima pakhomo, dengu lili m'manja, n'kuti, "Inenso nditakwatiwa kuno, mchemwali wanga anasiya kubwera."

Mphakayo sanamukhudze. Andifunsa ngati ndimwa nawo tiyi, ndipo madzi akuwira kale.