Amayi akuti katemera ndiye anagonthetsa mlongo wanga

Aphungu,

Pamene ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mlongo wanga wamng'ono tinkamutcha Wailesi, chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka. Chaka chimenecho chikuku chinalowa mumdadada wa nyumba zathu. Mnzake wosewera naye atagona nacho, amayi anachita mantha n'kuthamanga naye Wailesi kuchipatala kukam'bayitsa katemera, amene anali asanalandirepo. Sabata isanathe thupi linatentha, maso anafiira, chifuwa, zidzolo thupi lonse, kenako mafinya m'makutu. Atachira, tinkamuitana koma osatembenuka. Ndimakumbukira bambo ataima pakhomo la kuchipinda akuuza amayi kuti, "Mwana anali bwinobwino, iwe n'kukam'pereka wekha kujakisoni." Dzina loti Wailesi linafera pomwepo m'nyumba mwathu.

Lero ndine bambo. Mwana wathu, amene timam'tcha Abwana poti akalira tonse timaimirira, wakwanitsa miyezi isanu ndi inayi, ndipo kusikelo anati mwezi uno alandire katemera wa chikuku. Amayi, amene amatilerera mwanayu ife tikapita kuntchito, akana. Sakukalipa ayi. Anangondiuza akupinda matewera kuti, "Mwanangu, ine ndinalakwa kamodzi. Ngati mukukam'bayitsa mundiuziretu ndilongedze, ndisaone kawiri."

Mkazi wanga naye wanditopera. Dzana anati, "Bambo a Abwana, digiri ija ndi yokongoletsera khoma basi? Kuofesi mumajambula mapu a misewu, koma njira ya kusikelo yakusokonezani?"

Sakunama. Ndinaphunzira, ndipo ndawerenga zambiri. Mutu umavomera kuti katemera amateteza. Koma ndikatsegula foni, pagulu la achibale pamakhala patagwa uthenga wa mawu wa munthu wodzitcha dokotala, akuti katemerayu amaumitsa ubongo wa ana. Ndimadziwa kuti sindiyenera kum'khulupirira, komabe ndimamvetsera mpaka kumapeto. Kenako mlongo wanga, amene pano ndi telala, amabwera kudzacheza, n'kuika dzanja pachifuwa pa Abwana kuti amve kuseka kwake. Ndikaona zimenezo, zonse ndinawerenga zija zimabalalika.

Tsopano mwana wa aneba a khomo loyang'anana ndi lathu wafiira maso, akutsokomola. Timayanika zovala pachingwe chimodzi. Lachiwiri ndinanyamula Abwana mpaka pageti la chipatala, ndinaimaima, n'kubwerera. Kunyumba ndinati mzere unali wautali. Sindikudziwanso chomwe ndikuopa: jakisoni, chikuku, kapena nkhope ya amayi. Mwina ndine wamantha chabe. Ndikawerenganso kalatayi nding'amba ngati zinzake, ndiye ndapinda mapepalawa, ndikupatsira mnzanga wa kuofesi kuti akufikitsireni.

T.M., kuno kutauni

A T.M.,

Bwererani kundime yanu yoyamba, yankho mwalemba nokha. Mnzake wa mlongo wanu anayamba kudwala jakisoni asanabayidwe. Chikuku chimabisala m'thupi kupitirira sabata chisanaonekere, pomwe katemera amafuna masabata awiri kapena atatu kuti amange chitetezo. Ine sindinalipo, koma zomwe mwafotokozazo, maso ofiira, chifuwa, zidzolo, mafinya m'makutu, ndi chikuku chenichenicho. Ndicho chimagonthetsa, chimachititsa khungu, nthawi zina chimapha. Katemera sanabwere ndi mbala, anangofika mbala italowa kale m'nyumba.

Choncho mawa m'mawa, osati sabata yamawa, pitani kusikelo limodzi ndi mayi a Abwana, poti nokha mumathera pageti. Auzeni anamwino za mwana wa aneba uja. Ngati Abwana akudwala kapena ali ndi vuto lina, nenani asanam'baye. Funsaninso tsiku la katemera wachiwiri, chifukwa mmodzi sakwanira. Thupi likhoza kutentha pang'ono, mwinanso tizidzolo n'kutuluka patapita sabata, koma zimenezi zimatha zokha. Auzirenitu amayi anu kuti asadzadzidzimuke. Dokotala wa pafoniyo, wopanda dzina ndi chipatala chomwe, m'siyeni azilankhula yekha.

Kwa amayi musapiteko ndi digiri. Mayi ameneyu si mdani wa mdzukulu wake. Anasenzetsedwa mlandu tsiku lija bambo anu anaima pakhomo, ndipo mpaka lero palibe wam'tula. Khalani nawo pansi muwauze kuti, "Amayi, simunalakwe. Munathamanga bwino, matenda ndiwo anakutsogolerani." Mwina sangavomere tsiku lomwelo, zomwe munthu wagona nazo zaka zonsezi sizichoka ndi mawu a tsiku limodzi. Akalongedza, aperekezeni mwaulemu. Agogo okwiya amabwerera, koma makutu a mwana akatsekeka sabwerera. Mlongo wanu nayenso m'funseni maganizo ake. Mwam'sandutsa chithunzi choopsezera anthu, chonsecho ndi azakhali a mwanayu.

Koma chenjerani. Ngakhale atabayidwa, Abwana asayandikire khomo la anebawo mpaka masabata atatu atadutsa, chifukwa chikuku chimayenda mumpweya. Anebawo alimbikitseni apite naye mwana wawo kuchipatala. Mukaona Abwana wafiira maso, watentha kwambiri kapena akupuma mobanika, thamangani naye, osadikira kuti kuche.

Ndaona kuti ndinu munthu amene cholembera chimam'mvera kuposa pakamwa. Mawu akakukanikani pamaso pa amayi, dulani tsamba lino, mulipinde, muliike m'manja mwawo.

Aphungu