Mboni Imene Inali ku Maliro

Sakubva, Umtali
17 Ogasiti 1944

Okondedwa achemwali anga a Rhoda,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu ndi alamu ndi ana onse. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino. Mukaona zilembo zapendama musati mlongo wanu wayamba mowa. Ndi chimwemwe.

Tapambana, achemwali! Zakaria watuluka!

Ndikudziwa mukufunsa kuti watuluka kuti, popeza m'makalata atatu ndinakuuzani kuti mwana wanu anamutumiza ku njanji ya ku Beira, kutchire kopanda positi. Khalani pansi. Linali bodza. Zakaria wakhala m'ndende miyezi isanu ndi iwiri. Mundikalipire bwino, koma yambani mwamva nkhani yonse.

M'mwezi wa Disembala, Lamulungu lina masana, shedi yosungiramo matabwa ku Paulington inapsa. Apolisi anayenda khomo ndi khomo, mpaka anamva kuti mayi wina, Elina, anaona munthu atanyamula chitini cha palafini kuseri kwa shediyo. Elinayu ndi mwana wa mlongo wawo wa bambo Makaiko, mkulu wa bungwe lathu la maliro, amene amatiika m'manda tonse ochokera ku Nyasalande.

Tsono tamvani pamene panagona nkhani. Elina anachira Lachiwiri, mwana wamwamuna. Apolisi anafika Lachinayi, iye ali m'chikuta, mchombo wa mwana usanagwe. Mwamuna angalowe m'chikuta? Bambo Makaiko anawaimitsa pakhomo, nawauza kuti mwini mbumba ndi iwo, ndipo mawu a Elinayo ali nawo. Anafotokoza zonse, natchula dzina la Zakaria, monga amachitira pabwalo kwathu, mkulu kuyankhulira mbumba yake. Wapolisi analemba dzina la Makaiko pamwamba pa pepala, basi. Mboni yapezeka, ndipo Zakaria anamangidwa.

Komatu Lamulungu limenelo bambo Makaiko anali ku Penhalonga, kuika maliro a munthu wa pamgodi! Theka la anthu akwathu m'Sakubva linkadziwa zimenezi, chifukwa ena anali nawo komweko, fosholo m'manja. Palibe anaona cholakwa. Ngakhale Zakaria amene. Akuti akanaimirira bwanji n'kunena kuti munthu wamkulu wonama?

Ndinamupezera loya, mzungu wina amene timamutcha Bwana Kaliwo. Munthu ameneyu, achemwali, akanakhala mbuzi ndikanati mwina tidya nyama. Anacheza ndi Zakaria nthawi yongokwanira kutsira fodya m'kaliwo wake. M'khoti, bambo Makaiko atatha kuyankhula, majisitireti anamufunsa ngati ali ndi funso. Iye akuti anadzuka theka, nati alibe, n'kukhalanso. Funso limodzi lokha, loti kodi bambo inu munaima pati, likanathetsa mlandu dzuwa lisanafike pamutu. Sanafunse. Zakaria anamupatsa zaka ziwiri za ntchito yakalavulagaga ndi zikoti zisanu ndi chimodzi.

Mwaona ndalemba kuti "akuti". Apa ndiye pali manyazi anga. Ine m'khotimo munalibe.

Mukudziwa mmene ndinachokera ku yunivesite ku Kepi, nditaphunzira zamalamulo zaka ziwiri zokha, chifukwa chokana kupepesa kwa munthu amene sindinamulakwire. Chilonda chimenecho sichinapole. Pa ukwati wina kuno, Zakaria atakhuta, ananditchula pagulu kuti Aloya a Theka. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo dzinalo linandimamatira. Ngakhale Amanyika a kuntchito kwathu, eni dziko kuno, amene amatitcha tonse a ku Nyasalande kuti Mabhurandaya, analiphunzira. Ndiye atamangidwa ndinati mumtima, chabwino, ndamupezera loya wathunthu, wa theka akhale kunyumba. Tsiku la mlandu ndinapita kuntchito n'kumalemba manambala a matabwa, mwana wa mlongo wanga ali yekha m'bokosi la oimbidwa mlandu.

Ndinapita kukamuona kundende patatha miyezi iwiri. Sanathe kutsamira khoma chifukwa cha zilonda za zikoti. Sanandinene, sanandidandaulire, anangofunsa ngati amayi ake akudziwa.

Mawa lake ndinayamba kulondola mapepala a mlandu. Kalaliki wa kukhoti anandiyendetsa masabata atatu, lero bwerani mawa, mawa bwerani mkuja. Nditawapeza ndinawawerenga mzere ndi mzere, chala chili papepala, ngati mwana wa Sitandade 1. Patsamba lachinayi ndinalumpha mpaka mpando kugwa! Majisitireti anafunsa nthawi imene munthu wa chitiniyo anadutsa, ndipo bambo Makaiko anayankha kuti Elina akuti dzuwa linali litapendeka. Elina akuti! Zinalembedwa ndi dzanja la khoti lomwe, Bwana Kaliwo ali pompo kukolokosa kaliwo wake.

Ndikufotokozereni, chifukwa ichi chokha ndiye ndinabwera nacho ku Kepi. Khoti la azungu limafuna diso, osati khutu. Munthu anene zimene anaona yekha, kuti amufunse mafunso, aone ngati mawu ake alimba. Zongomva kwa wina sizimanga munthu, ngakhale wonenayo akhale ndi imvi mpaka m'mphuno. Loya aliyense amaphunzira zimenezi chaka choyamba. Ine ndinaphunzira. Wathunthu uja kaya anali kuti.

Ndinapita kwa Elina, mwana ali kumsana. Anandiuza kuti iye anaona msana wa munthu wovala jekete la anthu a njanji, akupita uko, ndipo anangouza amalume ake kuti kayendedwe kake ngati ka Zakaria. Anthu a njanji mu Umtali muno alipo mazana, jekete n'lomwelo! Mawu oti "ngati" anatsala m'chikuta, kukhoti kunafika dzina lokha.

Bambo Makaiko nditawafunsa anakwiya. Anati iwo sananame chibadwire, ndipo mawu a mbumba yawo ndi mawu awo. Ndinawayankha kuti maso a mbumba yawo si maso awo. Lilime langa mukulidziwa, ndinawonjeza zina zimene sindilemba muno. Anandithamangitsa ndi ndodo. Koma patatha masiku awiri anabwera okha kunyumba, chipewa m'manja, nati ndiwatengere kwa wolumbiritsa akanene kumene anali tsiku lija. Munthu wamkulu uja analira, achemwali. Musawasungire chakukhosi.

Ndinalemba mfundo zanga masamba asanu ndi limodzi n'kukwera sitima kupita ku Sozibele, likulu la dziko lino, kwa loya wina wachikulire amene amachita za apilo, ndiko kuti kukadandaula ku khoti lalikulu kuti laling'ono linalakwitsa. Anandikhazika pakhonde kuyambira m'mawa mpaka masana. Atawerenga anatuluka yekha, magalasi ali pamphumi, nafunsa kuti walemba izi ndani. Ndinati ndine. Anafunsa kuti ndinamaliza kuti maphunziro. Ndinati sindinamalize. Anati n'zachisoni, popeza ena anamaliza koma sizioneka. Mawu amenewo ndawasunga, mudzandiike nawo m'manda.

Nthawi ya apilo inali itadutsa kale, koma anapempha khoti ndipo linalola. Lachiwiri lapitali ndinali mmenemo, pabenchi ya kumbuyo imene amatikhazika ife, nditavala suti yanga ya ku Kepi ija. Loya wa boma anayesa kunena kuti loya wa Zakaria sanatsutse umboniwo pa nthawi yake. Jaji anamudula. Anati kugona kwa loya sikusandutsa mphekesera kukhala umboni, ndipo mukachotsa mawu a munthu amene kunalibe, patsala chiyani? Loya wa boma anatembenuza mapepala ake uku ndi uku. Panalibe chotsala. Jaji anati chigamulo chafafanizidwa, mnyamatayo amasulidwe.

Ndinafuula, achemwali! Ine amene ndimanyoza anthu ofuula m'tchalitchi. Msilikali wa pakhomo anachita kunditulutsa, ine ndikuseka ngati wamisala.

Dzulo ndinakamutenga pachipata cha ndende. Waonda, koma akuyenda yekha. Amayi a m'Sakubva anamulandira ndi nthungululu, ndipo Elina anamugwadira mpaka Zakaria anachita kumudzutsa. Ine ndinayembekeza kuti mwina anena kanthu za dzina lija. Koma anangoti, amalume, ndifuna kupita kwa amayi. Zaka ziwiri jaji wazifafaniza, koma zikoti zisanu ndi chimodzi zija palibe khoti lingazichotse. Ndikanakhala m'khoti tsiku loyamba lija, ndikanamva "Elina akuti" ndi makutu angawa, ndipo ndikanamukoka jekete Bwana Kaliwo mpaka aimirire.

Pempho langa ndi ili. Akwera sitima Lolemba kudzera ku Beira, ndipo afika pa Balaka Lachinayi. Alamu akamuchingamire. Ine ndakhala miyezi isanu ndi iwiri ndikumuyankhulira mwana wanu m'makalata, monga bambo Makaiko anayankhulira Elina, ndipo iwo bola sananame dala. Choncho nkhani yonseyi musaitenge kwa ine. Mumukhazike pansi, mumufunse yekha, muone msana wake ndi maso anu. Mukatero mundiweruze. Ngati mudzanditchabe mlongo wanu, mundilembere ndi dzanja lanu, musatume munthu.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Edna ndi ana ake, ndi kwa onse a pamudzi. Mulungu akusungeni, ndipo akupatseni mtima wofewa kuposa wanga.

Ndine mlongo wanu,
Laison