Mkazi wa m'Buku la a Chikepe

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja ukupondeka tsopano? Munati akukana ndodo, ati ikuwakalambitsa. Auzeni kuti ine ndati asiye makani, aziyendera ndodoyo mpaka bondo lipole. Kuno thupi lili bwino, koma mutu wokha ndiwo waima. Ndati ndilembe, mwina pokufotokozerani inu nanenso ndimvetsa zimene zandichitikira.

Za kunyumba n'zomwe zija. Mpope wapabwalo ukungodontha, eninyumba akungoti mawa, mawa. Mnzanga wogona naye chipinda uja wapeza ntchito kuhotela, ndiye masiku ano timangopatsana moni pakhomo, iye akulowa ine ndikutuluka.

Nkhani ili kuntchito. Mukudziwa kuti kosindikiza mabuku kuja adanditenga mongondiyesa kaye, ndipo abwana adanena kuti mwezi uno ukamatha ndi pamene adzagamule ngati ndikhale kapena ndizipita. Ntchito yanga ndi yosoka. Masamba akatuluka m'makina timawapinda, ndipo mutu uliwonse wa buku umakhala mulu wakewake pa tebulo lalitali. Ine ndimayenda m'mbali mwa tebulolo kutola kamtolo kamodzi pa mulu uliwonse, kuyambira kumanzere mpaka kumanja, kenako n'kusoka ndi ulusi. Milu ikakhala m'malo mwake, ngakhale utatsinzina sungalakwitse.

Ndiye kunabwera bambo wina wachikulire ndi buku limene analemba okha. Asanapume ntchito ankakonza zikepe za m'nyumba zosanja, choncho pashopu timangowatcha a Chikepe, ndipo eniake amavomera. Musaseke, achemwali, bukulo ndi la munthu woyenda m'nthawi. Munthuyo wapeza chikepe chakale chimene sichikwera kapena kutsika, koma chimapita kumbuyo ndi kutsogolo kwa zaka. Ukadina batani ili watulukira dzana, ukadina ilo wapeza adzukulu ako ali ndi imvi. Chimene akufuna n'chimodzi, kubwerera m'mawa wa tsiku limene mkazi wake anagundidwa ndi galimoto, kuti akamuletse kutuluka m'nyumba.

A Chikepe anakanitsitsa kuti masamba asakhale ndi manambala, ati nthawi ilibe nambala. Mitu nayo ilibe maina. Uliwonse ukuyamba ndi chitseko cha chikepe chikutseguka, n'kutha chikutsekeka. Abwana anang'ung'udza koma analola, n'kuika timapepala ta manambala pamwamba pa mulu uliwonse kuti ine ndizitsata.

Lachisanu lina abwana atapita kokagula mapepala, kunagwa chimvula champhepo. Zenera la pamwamba pa tebulo silitsekeka bwino, ndiye madzi anayamba kuwazira. Ndinanyamula milu yonse kuthawitsira pa benchi, pa mipando, wina pamwamba pa kabati. Palibe tsamba limene linanyowa, ndipo ndinadzitama mumtima. Potembenuka ndinangoona timapepala ta manambala tija tili mbwee pansi, tina tikuyandama pakhomo. Mayo ine!

Ndinathamangira kwa woyendetsa makina, amene timawatcha a Inki chifukwa cha zikhadabo zawo zakuda. Iwo anangoti ntchito yawo ndi yosindikiza, kuwerenga adakusiyira kusukulu. Ndikudziwa, mukuti bwanji sindinadikire abwana n'kuwauza. Mantha, achemwali. Munthu woyesedwa safuna kuoneka ndi vuto. Ndinadziuza kuti buku ndi buku, ndikaliwerenga ndiona ndekha poyambira ndi pothera. Ndinatenga kamtolo kamodzi pa mulu uliwonse n'kupita nato kunyumba.

Koma abale, buku ili! Ndinayala timitolo pa bedi Loweruka lonse ndi Lamulungu lomwe, mutu osagwira. Galu wafa m'mutu uno, m'mutu winawo akuuwa. Kodi ndiye kuti wouwawo ndi woyamba, kapena munthu uja wabwerera kumbuyo n'kumupeza wamoyo? Penapake munthuyo akukumana ndi iye mwini, kenako akubwera wachitatu, onse dzina limodzi, akhala pa tebulo limodzi kukanganirana ambulera. Wolemba sakunena kuti akulankhula ndi uti. Ndinayesa kuwasiyanitsa ndi ndevu, koma wina anameta pakati pa nkhani.

Pali mutu wina wonse wongofotokoza mawaya ndi mabawuti a chikepecho. Pamenepo ndinaodzera kawiri, ndipo mpaka lero sindikudziwa chimene chimachiyendetsa. Za kutsogolo nazo sizinandigwire mtima. Anthu ake avala zonyezimira, sadya, sakangana, palibe ngakhale wotsokomola. Zikuoneka kuti a Chikepe kumeneko sankakufuna, anangopitako chifukwa chikepe chili ndi mabatani ambiri. Ndipo chinanso, ngati munthuyo angamuletse mkaziyo kutuluka, ndiye kuti mkaziyo safa, ndiye iye akwereranji chikepe? Akapanda kukwera, amuletsa ndani? Ndinazungulira nalo funso limeneli mpaka ndinapsereza mpunga.

Komatu musati ndi buku lachabe. Pamene pali mkaziyo, bukulo limadzuka. Pali mutu wa m'mawa uja, mkazi akufunafuna ndolo imodzi pansi pa bedi, uku akukalipira mwamuna wake kuti wasiyanso thaulo lonyowa pa mpando. Mwamunayo wabwera kuchokera kutsogolo, akudziwa zonse, koma akulephera kumuuza. Akungomufunsa tinthu topanda pake kuti amuchedwetse, za mchere, za kiyi, za batani la malaya. Mkaziyo akuseka, akuti lero wadya chiyani. Akufika pakhomo, n'kubwereranso m'nyumba kuti waiwala chikwama, ndipo chitseko cha chikepe chikutsekeka mkaziyo asanatulukenso. Ndinalira, achemwali, osati pang'ono.

Ndiye ndinati uwu ndiwo mutu womaliza, palibenso china. Munthu wavutika buku lonse, kodi angalephere? Panali mutu wina pamene iye wafika mochedwa, wapeza anthu atazungulira pamsewu, kenako wadula mawaya a chikepe n'kukwera masitepe wapansi. Umenewo ndinauika pakati, poganiza kuti mmodzi wa anzake aja, amene ndi iye yemweyo, adzalumikizanso mawayawo. M'buku lotere chingaletse n'chiyani?

Lolemba ndinalawirira, ndinaika milu monga ndinaganizira, n'kubwezera timanambala pamwamba. Abwana anandipeza ndikusoka ndipo anandiyamikira changu. Pofika Lachitatu mabuku onse anali osokedwa, ndipo limodzi tinalimata chikuto kuti mwini wake akalione kunyumba.

M'mawa mwake a Chikepe anatipeza tikutsegula shopu. Maso ali psuu, buku lili kukhwapa. Anafunsa mofatsa kuti anasanja mitu ndani. Ndinati ndine, n'kufotokoza za mvula ija. Achemwali, nkhope ya abwana sindidzaiiwala. Zinapezeka kuti mitu yambiri ndinalasa, koma iwiri ija ndinaisinthanitsa. Wa m'mawa uja malo ake ndi pakati, ndipo buku lenileni limatha ndi munthu wodula mawaya uja. A Inki anandinong'oneza kuti mkazi wa a Chikepe adamwaliradi pa ngozi ya pamsewu.

Ndinkadikira kukalipiridwa, koma a Chikepe anapempha kuti mabukuwo asiyidwe momwemo. Anati pa zaka zonse zimene akhala akulemba sanaganizepo kuti nkhaniyo ingathere pamenepo, mkazi akadali m'nyumba. Abwana anakana. Anati shopu yawo imasoka zimene munthu analemba, osati zimene mvula yasanja, ndipo mawa a Chikepe akadzasintha maganizo, manyazi adzakhala a shopu. Anakangana ndithu, wina akuti buku ndi langa, wina akuti ulusi ndi wanga. Abwana ananditembenukira n'kunena kuti ngati pofika Loweruka mabuku onse sakhala atamasulidwa n'kusokedwanso molondola, Lolemba ndisadzavutike n'kubwera.

Pamenepo a Chikepe anati popeza munthu yekhayo amene wawerenga buku lawo lonse ndi ine, ndinene ineyo kuti mathero abwino ndi ati. Onse anandiyang'ana, ngakhale a Inki anazimitsa makina. Ndinaona m'maganizo ndikutsika basi kwathuko ndi chikwama changa, amayi akundifunsa kuti zatha bwanji. Ndinayankha kuti mathero abwino ndi amene analemba eniake. Ndinawonjeza kuti munthu wodula mawaya uja ndiye akunena zoona, pamene anga aja akungonyengerera owerenga. A Chikepe anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kuti chabwino, timasule.

Chimene chikundizunguza n'chakuti sindikudziwa ngati ndinanama. Pamene ndinkalankhula ndinkaganiza za ntchito basi. Koma nditabwereza kuwerenga m'ndondomeko yake, ndinaona kuti mwina n'zoonadi, masitepe aja amapweteka moyenera. Kenako ndikakumbukira ndolo ija ndimati ayi, anga aja ndiwo. Ndikadzuka ndili mbali ino, pofika masana ndili mbali inayo.

Kumasulako ndiye kunali kowawa. Umadula ulusi ndi kampeni, n'kusolola kamtolo komaliza, n'kukalowetsa pakati, kapakati kaja n'kupita kumapeto. A Chikepe ankabwera tsiku lililonse, kukhala pa benchi n'kumandithandiza, poti manja awo adazolowera ntchito zosamala. Ine ndinkadula, iwo ankachotsa mkaziyo kumapeto n'kumubwezera pakati, buku ndi buku. Nthawi ina ndinawaona atagwira kamtoloko kanthawi asanakalowetse, koma ndinangoyang'ana ulusi wanga.

Tinamaliza Loweruka masana. Abwana anayendera mabuku onse, n'kundiuza kuti Lolemba ndibwere, ntchito ndi yanga. Akonzetsanso zenera lija. Ndinkayesa kuti ndidumpha ndi chimwemwe, koma ndinangothokoza n'kukasamba m'manja.

Latsala ndi limodzi lija lomata chikuto, poti lomata silimasulika popanda kung'ambika. Ndinauza a Chikepe kuti limenelo ndi lawo, alitenge. Analigwira, analitsegula kumapeto, kenako anandibwezera. Anati akapita nalo kunyumba adzangokhalira kuwerenga tsamba lomalizalo osatulukanso panja, pamene mkazi wawo adatuluka ndithu m'mawa umenewo, ndipo iwo anali pomwepo osanena kanthu.

Pempho langa ndi limeneli, achemwali. Bukulo ndalitumiza pamodzi ndi kalatayi, chifukwa nanenso m'chipinda muno likundisowetsa mtendere. Inu mumawerenga modekha kuposa ine. Mudumphe za mawayazo, palibe chimene mutaye. Mukamaliza mundilembere mosandinyengerera ngati ndinawauza zoona bambo aja kapena ndinangodzigulira ntchito ndi mkazi wawo. Ndipo mulisunge pamalo ouma, ana asalithothole masamba. Mwa mabuku onse aja, ndi m'limeneli mokha mmene mayiyo sanatuluke pakhomo.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ntchito yakhazikika, zinazi musawatopetse nazo. Moni kwa alamu, kwa azakhali ndi amalume, kwa achimwene ndi akazi awo, ndi kwa ana onse, makamaka wamng'ono wosamva uja. Ndakusowani kwambiri nonsenu.

Ndine mng'ono wanu,
Naphuma